Mlonda Womangidwa ndi Kansanza

Moni inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndikuthokoza Mulungu amene watidzutsa tili ndi mpweya, ndipo ndikuthokozanso inu polola kukhala nane kanthawi pamene ntchito zanu zikukudikirani. Nkhani ndili nayoyi ndi ya amayi awiri a pa fakitale ina yochapa zovala, kuseri kwa njanji, kumene amachapa mabedishiti a m'mahotela ndi m'zipatala.

M'fakitalemo munkatentha nyengo zonse. Nthunzi inkangoti tolo kudenga ngati mtambo wokana kugwetsa mvula, pansi pankakhala ponyowa, ndipo fungo la sopo ndi mankhwala oyeretsera linkakakamira m'zovala mpaka munthu kupita nalo kutchalitchi. Kumapeto kwa chipinda chachikulu kunali makina ositira. Musaganize za simbi ya kunyumba ayi. Awa anali makina aatali ngati basi, okhala ndi zitsulo zozungulira zotentha koopsa zimene ankati marola. Bedishiti inkalowa kutsogolo ili yonyowa, n'kutulukira kumbuyo itauma, itawongoka, ikufuka.

Polowetserapo pankaima amayi awiri, wina kumanja wina kumanzere. Aliyense ankagwira kona yake, onse n'kukoka kuti nsalu ikungike, kenaka n'kuiika pa malamba nthawi imodzi. Wina akachedwa, bedishiti inkalowa mokhota n'kutuluka ndi makwinya oti sangachoke popanda kuichapanso. Poti phokoso linali loti simungamvane, amayiwo ankayimba nyimbo za m'tchalitchi kuti manja aziyendera limodzi. Mzere woyamba atola, wachiwiri akutumula, wachitatu akoka, wachinayi aika.

Kutsogolo kwa marola kunali chitsulo chofiira chopingasa chimene amayi ankachitcha mlonda. Dzanja likangomukankha, makina onse ankaima. Koma mlondayu anali wamantha. Ngakhale nsalu yokhuthala ikamugunda ankaimitsa makina, ndipo makina akaima, mabedishiti amene ali m'kati ankawauka, ntchito n'kuunjikana. Ndiye kwa zaka zambiri ankangomumangirira m'mwamba ndi waya, aliyense akuona, palibe wolankhula.

Umo ndi mmene dzanja la Mayi a Mapasa, mmodzi wa amayi awiri aja, linalowera m'marola. Kona inapindika, iwo n'kutambasula dzanja kuti aiwongole, monga ankachitira tsiku lililonse. Nsalu inawakulunga zala. Pamene mnzawo ankafika pa batani lozimitsira, marola anali atameza dzanja lamanja mpaka pamfundo. Madokotala analipulumutsa, anachotsa khungu la pantchafu n'kuphimbira pamene panapsa, koma zala zitatu zinapindikira m'kati n'kuuma. Zinatsala zoyenda ziwiri, chachikulu ndi cholozera, nazonso zopanda mphamvu. Ngoziyo itachitika waya uja anachotsedwa, ndipo abwana analamula kuti aliyense wopezeka atamanga mlonda achotsedwa ntchito tsiku lomwelo.

Bala litapola, uthenga unabwera kudzera mwa a Kapitawo. Mayi a Mapasa abwere adzaime pa makina kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya chakudya chamasana. Ntchito ikayenda, malo awo akadalipo. Ikapanda kuyenda, malo ena palibe, pakuti kopinda zovala ndi konyamula nako kumafuna manja awiri.

M'mawa wa tsikulo Mayi a Mapasa anaima pakati pa chipinda chawo cha lendi atavala yunifolomu yosamanga mabatani. Amuna awo, amene matenda a shuga anawatseka maso, anakhala m'mphepete mwa bedi n'kumawamanga mabataniwo mofufuza ndi zala.

"Mwadumpha limodzi, bambo," anatero mmodzi wa mapasa, akupesa tsitsi la mnzake pakhomo.

"Iwe, ine ndinayamba kumanga mabatani usanabadwe."

"Ndiye amayi apite atapendekeka choncho?"

"Apendekeke, bola afike," anatero bambowo, koma anamasula n'kuyambiranso. Atamaliza anagwira dzanja lopuwala lija ndi manja awo onse awiri. "M'nyumba muno muli maso anu, muli dzanja langa. Tikaphatikizana ndife munthu mmodzi wathunthu, winayo ndi wapadera."

Atsikanawo anaseka. Mayi awo sanaseke. M'nyumbamo wolandira malipiro anali iwo okha, ndipo mapasawo anali asanamalize sekondale. Anagwada onse anayi pakati pa bedi ndi tebulo, malo ochepa mpaka mawondo kugundana, bambo n'kupemphera mwachidule. Anapempha Iye amene anawongola dzanja la munthu wopuwala m'nyumba ya mapemphero kuti ayang'anenso dzanja ili, ngakhale kwa theka la tsiku lokha.

Pageti la fakitale anawalandira ndi mnzawo wa pa makina, mayi wamfupi wa mawu okwera amene aliyense ankamutcha a Sopulano. Awiriwa anaima limodzi pa marola zaka zambiri. Ndi a Sopulano amene anazimitsa makina tsiku la ngozi, ndipo ndi iwo amene ankawasambitsa ndi kuwaluka tsitsi kuchipatala.

"Taonani kunenepa!" anakuwa a Sopulano. "Ife tikusungunuka muno, anzathu akungodya zophikiridwa."

"Zophikidwa ndi mapasa? Asisi, mukanalawa mukanandilirira."

"Tiyeni. Anandipatsa mnzanga wina woyimba ngati chitseko chopanda mafuta. Ndatopa naye."

A Kapitawo anawapeza akumanga maepuloni. Anali bambo wa imvi, wa maso ofiira ndi nthunzi, woyenda mokoka miyendo. Sanali munthu wankhanza, koma nayenso anali ndi omuyang'anira.

"Mayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, bambo. Kaya inu?"

"Tadzuka. Ine sindikufuna zambiri. Ngolo izi zithe, makina asamangoimaima, zosita zisabwerere kochapa. Abwana andifunsa masana. Ndikanena zimene ndaona." Anayang'ana dzanja lija kamodzi, n'kuyang'ana kumbali. "Mulungu akuthandizeni."

Makina anayamba kulira. A Sopulano anayambitsa nyimbo, ya pang'onopang'ono, ya anthu otopa amene akuyembekeza mpumulo kutsidya. Mayi a Mapasa anawerama n'kutola kona ndi zala ziwiri zija.

Bedishiti yonyowa imalemera. Munthu wa zala zisanu sadziwa zimenezi. Yoyamba inalowa bwino, yachiwiri inalowa bwino, koma pokutumula yachitatu kona inapulumuka n'kugwera pansi ponyowa. Anaiponya pangolo ya zobwerera. Anayesa kugwira ndi dzanja lamanzere, koma woima mbali imeneyo amakoka ndi lamanja, lamanzere n'kumasalaza pakati. Anasinthana mbali ndi a Sopulano. Kumeneko dzanja lopuwala linayenera kusalaza, ndipo zala zopindika zija zinkakola nsalu n'kuikwinya. Anabwerera mbali yawo yakale.

Apo a Sopulano anayamba kugwira ntchito ya anthu awiri. Akaika kona yawo, ankatambasula mkono kudutsa pakati n'kuwongola mbali ya mnzawo bedishiti ikulowa kale. Poti anali wamfupi, ankachita kunyanyamphira. Mkono unagunda mlonda. Makina anati zii.

A Kapitawo anasuzumira pawindo la kaofesi kawo. Amayi a kumbuyo, olandira zosita, anatulutsa bedishiti yowauka pakati n'kuiika pambali mwakachetechete. Makina anayambanso. Pasanapite nthawi mlonda anaimitsanso. Kenaka kachitatu. Ulendo uno a Kapitawo anatuluka, anaima pakhomo manja ali m'thumba, n'kubwereranso.

Pofika nthawi ya tiyi, ngolo zodikira zinali zitafika pakhomo la chipinda. Mayi a Mapasa anakhala pa benchi panja, dzanja lili pamwendo. Linali litatupa, khungu lachilendo lija likunyezimira. Amayi ena anawathirira tiyi.

"A Sopulano ali kuti?" anafunsa.

"Ati m'mimba mwawavuta. Imwani, Mayi a Mapasa. Musadandaule, tonse tili mbali yanu."

Anamwa. Tiyiyo sanamumve kukoma. Mumtima ankangobwereza mawu amodzi: Ambuye, mpaka masana okha, mpaka masana okha.

Atabwerera, anapeza a Sopulano ataima kale pamalo pawo, akupukuta manja pa epuloni.

"M'mimba muli bwanji?"

"Mwakhazikika. Tolani kona, asisi, tiwaonetse anthuwa."

Anayambitsa nyimbo ina, yofulumirirapo, ya chigonjetso. Ndipo zinthu zinayenda. Kona ikapulumuka, mkono wa a Sopulano unali utafika kale. Bedishiti inkalowa, ina n'kutsatira, ina n'kutsatira. Makina sanaime. Amayi a kumbuyo analandira nyimboyo, a kumatawulo nawo analowerera, chipinda chonse chinayimba mpaka kuposa phokoso la marola. Ngolo imodzi inatha, yachiwiri inatha. Mayi a Mapasa anamva misozi ikusakanikirana ndi thukuta. Anati mumtima, pemphero la bambo a mapasa lamveka.

Kenaka anaona mkono wa a Sopulano utatsamira pa chitsulo chofiira, kutsamira ndithu, makina n'kumangoyenda.

Anayang'ana kumapeto kwa chitsulocho, mbali ya a Sopulano, pansi pa chivindikiro pamene munthu wa kuofesi sangaone. Panali kansanza koyera, mpendero wong'ambidwa ku bedishiti yakale, kozungulizidwa kangapo n'kumangidwa mfundo. Mlonda anali womangidwa.

Nyimbo inawathawa pakamwa. Anayang'ana a Sopulano, a Sopulano n'kuyang'ana nsalu, akuyimba mokweza kuposa kale. Anayang'ana amayi a kumbuyo. Mmodzi anagwetsa maso. Onse ankadziwa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anazimitsa makina nthawi yomweyo. Sanatero. Anatola kona ina. Dzuwa linali litafika pa mawindo a pamwamba, kusonyeza kuti masana ayandikira, ndipo ngolo zotsala zinali zochepa. Anaganiza za mapasa, za mankhwala a amuna awo, za mwini nyumba. Anati, a Sopulano ndi wochenjera, sangalowetse dzanja. Anaika bedishiti ina. Anati, nanga si wamanga yekha, ine sindinamutume. Anaikanso ina. Mzimu unali kufuna kwina, thupi kwina, ndipo onse awiri anali otopa.

Kona ya mbali yawo inapindika. Zala ziwiri zija zinachedwa. Dzanja la a Sopulano linadutsa pansi pa mlonda, linatsatira nsalu m'kati, m'kati ndithu, mpaka pamene mpweya wotentha wa marola umawomba. Linawongola konayo n'kubwerera. Nsonga za zala zinali zofiira. A Sopulano anazipukuta pa epuloni n'kuwerama kutola ina, osasiya kuyimba.

Mayi a Mapasa ankadziwa malo amene zalazo zinafika. Ankadziwanso kuti kunyumba kwa a Sopulano kuli ana a malemu mng'ono wawo, wamng'ono akadali woberekedwa kumbuyo. Anatambasula dzanja lamanzere n'kumenya batani lozimitsira.

Makina anaima. Nyimbo inapitirira pang'ono kumatawulo, n'kuzilala.

"Mwatani?" ananong'ona a Sopulano. "Yatsani msanga!"

"Masulani."

"Asisi, kwatsala ngolo ziwiri zokha."

"Masulani kansanzako."

"Mwapenga? Ana anu adya chiyani? Ine ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Nanenso ndinkadziwa."

Chitseko cha kaofesi chinatseguka. A Kapitawo anayamba kubwera, akukoka miyendo pakati pa ngolo.

"Masulani, apo ayi ndinena ndekha," anatero Mayi a Mapasa. "Atichotse ntchito tonse awiri."

Anasuntha n'kuima pakati pa a Kapitawo ndi kona ya makina, atatambasula bedishiti yonyowa ngati akuiyang'ana banga. Kumbuyo kwawo anamva a Sopulano akulimbana ndi mfundo, akupumira m'mwamba. Mfundoyo inali yolimba. Anachita kuiluma ndi mano.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa a Kapitawo. "Zimayenda bwinotu."

"Dzanja lakana, bambo."

"Mayi, kwatsala pang'ono. Pumani kaye, mumwe madzi. Ine ndimati ndikauze abwana kuti mwakwanitsa."

"Sindinakwanitse. Ntchito mwaionayi wagwira ndi mnzangayu, ine ndimangogwirizira. Lero angathe, nanga mawa? Nanga mwezi wamawa?" Anakweza dzanja lotupa lija kuti alione. "Ili latha, bambo. Tisanamizane."

A Kapitawo anayang'ana dzanjalo. Kenaka maso awo anapita pa chitsulo chofiira, chimene chinali chikugwederabe pang'ono, ndi pa a Sopulano amene anaima chibakera chili m'thumba la epuloni, kaulusi koyera kali pamlomo. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapukuta nkhope ndi chikhatho, monga amachitira munthu amene sanagone bwino zaka zambiri.

"Ine ndaona dzanja lokha," anatero. "Zina sindinaone, ndipo ndisadzazione. Mwamva, a Sopulano?"

Kenaka a Kapitawo anatembenukira kwa Mayi a Mapasa.

"Mayi, tiyeni kuofesi."

Za kuofesi sizinatenge nthawi. Abwana analankhula mwaulemu, anathokoza chifukwa cha zaka zonse zija, ananena kuti za chipepeso zikuyendabe ndipo adzawaitana. Mayi a Mapasa anavomera zonse ndi mutu. Anapachika epuloni pa msomali wake, n'kutenga kapu yawo ndi nsapato zakale zimene ankasinthira.

Belu la masana linawapeza atakhala pa mwala kunja kwa geti, pamthunzi wa mpanda, asanapite kusiteji. A Sopulano anatuluka n'kuima patsogolo pawo, manja m'chiuno.

"Mwandipweteka, asisi."

"Ndikudziwa."

"Simukudziwa. Ine tsiku lija ndinachedwa kufika pa batani. Ndimagona ndikumva kukuwa kwanu. Lero ndimati ndikubwezereni kenakake, inu n'kunditaya pamaso pa anthu."

"Mumati mundibwezere dzanja ndi dzanja?"

"Langa ndi langa! Ndikafuna kuliika pamoto ndi langa."

"Si lanu lokha. Kamwana kaja mukakasambitsa ndi chiyani? Ndi mano omwe mwamasulira mfundo aja?"

A Sopulano anafuna kuseka, koma kusekako kunasanduka kulira. Anakhala pansi pafumbi, yunifolomu ndi yunifolomu kugundana. Galimoto ya hotela inatuluka pageti itadzaza mitolo yoyera, n'kuwathira fumbi onse awiri. Palibe anadzikuntha.

"Ndiye mukatani?"

"Sindikudziwa."

"Bambo a mapasa mukawauza chiyani?"

"Zoona. Adandaula, kenaka apemphera. Mukuwadziwa."

"Inu ndi Mulungu wanuyo," anatero a Sopulano akupukuta mphuno. "Timayimba tonse, koma inu mumachita kukhulupirira mawu aliwonse."

"Lero sindikudziwa ngati ndikukhulupirira kapena ndangotopa."

A Sopulano anatulutsa buledi wawo m'pepala, anamunyema pakati, n'kuika chidutswa chachikulu pamwendo pa mnzawo. Anayamba kudya. Zala zitatu za a Sopulano zinali zitatuluka matuza kunsonga, ndipo ankagwira bulediyo mosamala.

"Mukapake mankhwala," anatero Mayi a Mapasa.

"Ndamva, anesi."

"Ndipo mundilonjeze."

"Sindilonjeza kanthu. Ndakwiya nanu. Mwina Lamlungu ndibwera, mwina sindibwera."

Belu linaliranso. A Sopulano anadzuka, anakuntha kumbuyo kwa yunifolomu, n'kulowa pageti osacheuka. Atafika pakati pa bwalo anaima, anatulutsa kansanza kaja m'thumba, anakayang'ana, n'kukaponya m'mgolo wa zinyalala.

Mayi a Mapasa anakhalabe pamwalapo mpaka mthunzi unawachokera. Kenaka anayenda pang'onopang'ono kudutsa njanji, n'kukwera minibasi. Anapeza malo pawindo, anaika nsapato ndi kapu pamwendo, dzanja lotupa pamwamba pake. Anayamba kukonza mawu okanena kunyumba, koma asanamalize chiganizo choyamba tulo tinawaba. Anagona tulo tolemera, pakamwa pali yasa, mutu ukugunda galasi, ndipo anapitirira siteji yawo. Anadzutsidwa ndi kondakitala kumapeto kwa msewu, minibasi itatsala yopanda anthu.

"Amayi, tafikatu. Kapena mukufuna tikugonekeni konkuno?"

"Pepa mwanawe. Ndapitirira."

"Mubwerera nafe?"

"Ayi, ndiyenda."

Anatsika. Njira yobwerera inali yokwera, dzuwa lili pamutu, ndipo kunyumba kunali anthu atatu odikira uthenga. Anapanira nsapato m'khwapa, anagwira kapu ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kukwera.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye asunge manja anu pa ntchito imene mumagwira, kaya ndi pa makina, pa moto, pa mpeni kapena pa chiwongolero. Akupatseni anzanu okukondani, ndipo akupatseninso nzeru pa tsiku limene chikondi chawo chidzafune kudzipweteka chifukwa cha inu. Mukatopa akupumitseni, mukabwerera kunyumba chimanjamanja akutsogolereni pakhomo, ndipo mtendere wake ukhale pa inu ndi pa onse amene amadya za m'manja mwanu. Amen.